Madzi a m'nsanamira atasanduka asidi: lipoti la ntchito yoteteza chitsulo ku dzimbiri pa North Sea

Lipotili ndi la famu ina ya matabaini amphepo (makina opanga magetsi ndi mphepo) yomwe ili pa nyanja ya North Sea, chakum'mawa kwa England. Eni ake sindiwatchula, ngakhalenso omwe anaimanga. Gulu lathu linaitanidwa famuyo itagwira kale ntchito zaka zingapo, kuti tikaike chitetezo cha dzimbiri m'kati mwa nsanamira zake, malo omwe pomanga anawasiya osatetezedwa.

Tabaini iliyonse imaima pa monopile, chubu chimodzi chachikulu chachitsulo chomwe amachikhomera pansi pa nyanja ndi nyundo ya makina. Za pafamuyi zinali za mamita pakati pa 4 ndi 5 m'mimba mwake. Pamwamba pa monopile amavekapo chubu china chachikasu chija chimaoneka pa zithunzi, transition piece, chomwe pantchito timangochitchula kuti TP. Mpata wa pakati pa ziwirizi amathiramo grout, simenti yolimba kwambiri. M'kati mwa TP muli nsanja yachitsulo yotseka mpweya, yokhala ndi chivundikiro cha mabawuti. Pansi pa nsanjayo pali mpweya pang'ono, kenako madzi a m'nyanja omwe anatsekeredwamo tsiku lokhomera, kenako matope.

Kunja kunali kotetezedwa bwino: penti pamalo omenyedwa ndi mafunde, ndi maanodi a aluminiyamu pansi pa madzi, zidutswa zomwe zimadyeka m'malo mwa chitsulo. M'kati munali chitsulo chamaliseche. Maganizo a nthawi imeneyo, omwe analinso m'malamulo omangira a bungwe loona za miyezo la DNV, otchedwa DNV-OS-J101, anali akuti malowo ndi otsekeka, ndiye okosijeni yomwe ilimo idzadyedwa ndi dzimbiri loyamba, ikatha dzimbirinso lidzaima. Maganizowa si opusa. Amangofuna chinthu chimodzi: kuti malowo akhaledi otsekeka kwa zaka 20 kapena 25.

Chizindikiro choyamba

Amene anayamba kukayika anali mmisiri wina woyendera makina. Atatsegula chivundikiro n'kuunika ndi tochi, anaona lamba wa dzimbiri lofiirira, lonyowa, kuzungulira khoma lonse pamwamba pa madzi. Pa ulendo wotsatira anapeza madzi ali pamsinkhu wina. Madzi otsekeredwa sakwera kapena kutsika okha. Ngati akuyenda ndi kudzadza ndi kuphwa kwa nyanja, ndiye kuti penapake pabooka.

Pobooka panali pomwe kebulo yamagetsi imalowera. Labala wotseka pamenepo anali atafooka ndi kugwedezeka kwa kebulo. Titayendera nsanamira zambiri tinapeza zili m'magulu atatu: zina madzi ake ankatsatira nyanja pafupifupi ndendende, zina ankasuntha pang'onopang'ono mochedwa, ndipo zochepa zinali zotsekekabe. Magulu atatuwa anadzakhala ofunika kuposa mmene tinawaonera poyamba.

Tinatsitsa selo yoyezera ya Ag/AgCl, kachipangizo koyeza mavoti a chitsulo m'madzi, pa chingwe, kuwerenga mita ndi mita kuchokera pamwamba pa madzi mpaka pamatope. Paliponse chitsulo chinali cha m'ma -0.65 V, pomwe chitsulo chosatetezedwa chimakhala m'madzi amchere. Okosijeni inalipo m'madzi apamwamba, n'kumachepa kutsikira pansi. Pansi penipeni panali matope akuda onunkha dzira lowola, chizindikiro cha mabakiteriya odya salifeti. Kamera inaonetsa timaenje pakhoma, makamaka pa lamba uja ndi m'mbali mwa misoko yowotcherera.

Zotsatira za kuyeza kukhuthala kwa khoma zitafika, eni famu anapuma. Chitsulo chomwe chinadyeka chinali chochepa poyerekeza ndi khoma la masentimita angapo. Funso lawo linali lomveka: ngati khoma likadali lonenepa chonchi, tikuwonongeranji ndalama?

Yankho silinali pa kukhuthala. Nsanamira ya tabaini siigwa chifukwa yaonda. Imagwa chifukwa chitsulo chatopa. Mphepo ndi mafunde zimaipinda uku ndi uku kambirimbiri pa moyo wake, ndipo mng'alu umayambira pa msoko wowotcherera. Malamulo a DNV-RP-C203 ali ndi mizere itatu yowerengera kutopako: wa chitsulo cha mumpweya, wa chitsulo cha m'madzi amchere chotetezedwa ndi maanodi, ndi wa chitsulo chomwe chikudyeka momasuka. Wachitatuwu ndi woipa kwambiri, chifukwa kadzenje kalikonse ka dzimbiri ndi poyambira mng'alu, ndipo ngakhale kupinda kwakung'ono kumawerengedwa. Okonza mapulani sanawerengere misoko ya m'kati pa mzere umenewu. Atabwereza masamu, misoko ingapo sinkafika pa zaka zomwe famuyo inamangidwira.

Panalinso china chomwe chinadya kale mpata wotsala. Kuyambira 2009 zinadziwika kuti grout ya mafamu ambiri a ku Ulaya ikutsetsereka, TP n'kumatsika pang'onopang'ono pa monopile, chifukwa nambala ina m'malamulo a J101 inali yolakwika pafupifupi kakhumi. Mlandu wa famu ya Robin Rigg pa nkhani yomweyi unafika mpaka ku Supreme Court ya ku Britain mu 2017. Pafamu yathu TP zina zinali zitatsika n'kukhala pa tizitsulo tomwe tinaikidwa kuti tingothandiza kuwongola poimika, osati kunyamula tabaini. Kulemera kunayamba kudutsa m'misoko yomwe sinakonzedwere zimenezo, ndipo ina mwa iyo inali pafupi ndi lamba wa dzimbiri uja.

Chisankho choyamba: maanodi a aluminiyamu pa zingwe

Kupenta m'kati tinakukana msanga. Kungafune kupopa madzi onse, kupala khoma ndi mchenga, kuumitsa, zonsezi m'dzenje lopanda mpweya wabwino pakati pa nyanja. Kutseka kokha pobooka sikukanabweza misoko pa mzere wabwino, chifukwa palibe amene akanalonjeza kuti labala watsopano sadzafookanso. Chinatsala ndi chitetezo cha kathodi, choteteza chitsulo ndi magetsi ochokera ku maanodi: kukankhira mavoti a chitsulo kufika pa -0.80 V kapena kupitirira, ndipo pamalo opanda okosijeni ngati pamatope, -0.90 V.

Tinasankha maanodi a aluminiyamu wosakaniza ndi zinki ndi indiyamu. Safuna magetsi a tabaini, safuna wowayang'anira tsiku ndi tsiku, ndipo kunja kwa nsanamira zomwezo ankagwira bwino. Koma chachikulu chinali kulemera. Masamu ake, mongoyerekeza: chubu cha mamita 4.5 m'mimba chokhala ndi madzi akuya mamita 25 chili ndi khoma la pafupifupi masikweya mita 350. Pa 100 mA pa sikweya mita, nambala yapakati yomwe DNV-RP-B401 imapereka pa madzi osaya ozizira ngati amenewa, mukufunika ma ampeya 35. Kwa zaka 15, ndi aluminiyamu wopereka 2,000 Ah pa kilogalamu, ndi matani pafupifupi 2.3. Zinki, yemwe amapereka 780 Ah pa kilogalamu, angafunike matani pafupifupi 5.9. Zonsezi zimayenera kukwezedwa kuchokera pa boti ndi kakireni ka pa TP, kulowa pakhomo la tabaini, n'kutsika pa chivundikiro chomwe munthu wovala zida zake amadutsapo mopanikizika. Amene anakokapo anodi pa makwerero m'mphepo ya ku North Sea amamvetsa chifukwa chake palibe anavotera zinki.

(Anzanga a ku Monkey Bay musatengere masamu amenewa. Madzi a Nyanja ya Malawi alibe mchere wotere, amakaniza magetsi kwambiri, ndipo m'madzi otero aluminiyamu amangogona. Kumeneko ndi kwa magineziyamu.)

Tinamangirira maanodi pa zingwe zolendewera kuchokera pansi pa nsanja. Apa pali zinthu ziwiri zomwe zimalakwika kawirikawiri. Choyamba ndi kulumikizana. Monopile ndi TP zalekanitsidwa ndi grout, choncho musaganize kuti magetsi akudutsa bwino chifukwa zitsulo zikuoneka zogundana. Tinaika makebulo olumikiza ndipo aliyense tinamuyeza kuti asapitirire 0.1 ohm. Chachiwiri ndi mphamvu yokankha, yomwe ndi yaing'ono: anodi ali pa -1.05 V, chitsulo tikuchifuna pa -0.80 V, kusiyana kwake ndi 0.25 V basi. Chingwe chikatalika kapena kuonda, gawo la mphamvuyo limathera m'njira, ndipo anodi wapansi amapereka zochepa. Maanodi akaunjikana amapondererananso. M'chubu chopapatiza, mmene maanodi mwawayalira ndi nkhani yaikulu kuposa kuchuluka kwa makilogalamu.

Tinayamba ndi nsanamira zochepa zoyesera. Eni famu anapempha kuti pamodzi ndi maanodi titsekenso pobooka, poganiza kuti okosijeni ikachepa maanodi adzakhalitsa. Pa pepala zinali zomveka, ndipo palibe anatsutsa. Koma nyengo inatseka ntchito ya osambira pansi pa madzi isanathe, chifukwa maboti onyamula amisiri satha kukocheza pa TP mafunde akapitirira pafupifupi mita ndi theka. Nsanamira zina zinatsala ndi maanodi koma zikudonthabe. Tinazilemba ngati ntchito yosamalizidwa.

Alamu ya mpweya

Masabata oyamba manambala anali okoma. Chitsulo chinatsika kudutsa -0.80 V m'nsanamira zonse zoyesera. Kenako, m'zotsekedwa zija, chinayamba kubwerera pang'onopang'ono, pamene mphamvu yotuluka m'maanodi inakana kutsika. Zimenezi n'zosemphana ndi mmene chitetezo cha kathodi chimayendera. Chikamagwira bwino, pachitsulo pamamera nkhanambo yoyera ya laimu, yopangidwa ndi kalisiyamu ndi magineziyamu wa m'madzi amchere. Nkhanamboyo imatchinga okosijeni, ndipo mphamvu yofunika imagwa kwambiri. Masamu onse a moyo wa maanodi amadalira kugwa kumeneku.

Amisiri atapita kukaona, kachipangizo koyezera mpweya kanalira atangomasula mabawuti a chivundikiro. Anachita zoyenera: anamanganso, anatuluka, anaimba foni kumtunda. Pansi pa nsanja panali pataunjikana haidrojeni, pamodzi ndi haidrojeni salifaidi. Haidrojeni imayaka ikangofika 4 peresenti mumpweya, ndipo pamwamba pa nsanjayo pali makebulo onyamula magetsi a mavoti zikwizikwi. Kuyambira tsiku limenelo nkhani inachoka pa kutopa kwa chitsulo n'kukhala ya moyo wa anthu, ndipo kulowa m'nsanamira zoyesera kunaletsedwa mpaka titaika mapaipi otulutsa mpweya kunja kwa TP.

Madzi omwe tinatunga pambuyo pake ndiwo anafotokoza zonse. Madzi a m'nyanja amakhala pa pH ya pafupifupi 8 (pH ndi muyeso wa asidi: ikatsika, ndiye kuti asidi wachuluka). A m'nsanamira zotsekedwa anali atatsika kudutsa 5. Anali oyera mbuu, ndipo botolo likakhala kanthawi pansi pake pankadikha chiphalaphala choterera, aluminiyamu haidrokisaidi. Pakhoma panalibe nkhanambo. Anodi mmodzi yemwe tinamukoka anali atadyeka ngati wakhalamo zaka, ndipo zingwe zake zinali ndi madontho a dzimbiri.

Zomwe zimachitika ndi izi. Aluminiyamu akasungunuka amagwirizana ndi madzi n'kutulutsa asidi. Pachitsulo chotetezedwa pamatuluka alikali wofanana naye, koma gawo la alikaliyo limamangidwa mu nkhanambo ya laimu, ndiye asidi amatsala wopanda womuzima. Kunja, nyanja imamukokolola nthawi yomweyo, moti palibe amamuona. M'kati mwa chubu chotsekedwa muli malita pafupifupi 400,000 okha, omwewomwewo usana ndi usiku. Asidi akachuluka amasungunula nkhanambo, chitsulo chimakhala poyera n'kumakoka mphamvu yambiri, maanodi amasungunuka mofulumira, asidi n'kuwonjezekanso. M'madzi a asidi, mbali yaikulu ya mphamvuyo imathera kupanga haidrojeni, ndiponso salifaidi wa m'matope amamasuka n'kukwera ngati mpweya.

Nanga nsanamira zomwe tinazilemba kuti n'zosamalizidwa? Zomwe madzi ake ankayenda ndi nyanja zinali bwino lomwe: pH pafupi ndi ya kunja, nkhanambo ikumera, mphamvu ikutsika monga mwa buku. Zodontha pang'ono zinali pakatikati. Popanda kufuna, nyengo inatipangira kuyesa kwa magulu awiri, ndipo ndikukayika ngati tikanagwirizana msanga pa chifukwa chake pakanapanda zimenezo. Ena pamsonkhano ankakayikira kale fakitale ya maanodi, kuti mwina inasakaniza molakwika. Maanodi a mtanda umodzi omwewo anali kugwira bwino m'nsanamira yoyandikana.

Chisankho chachiwiri

Njira zinali zitatu, ndipo mkangano wake unatenga nthawi.

Zinki sasandutsa madzi asidi ngati aluminiyamu, ndipo m'nsanamira yotsekedwa akanatha kugwira. Koma matani aja anali pomwepo, nsanja yonyamula zingwe ikanafuna kulimbitsidwa, ndipo aluminiyamu yemwe anali atagulidwa kale akanatayidwa.

Njira ya ICCP, yokankha magetsi kuchokera ku makina kudzera m'maanodi a titaniyamu, ndi yopepuka kunyamula ndipo mphamvu yake mutha kuisintha muli kumtunda. Ine ndimaikonda pa nsanamira zatsopano zomwe zakonzedwera iyo kuyambira pa pulani. Kuno inali ndi mavuto ake: anodi wa ICCP m'madzi amchere amatulutsa klorini, yemwe m'malo otsekeka amadya zitsulo ndi makebulo a pamwamba pa madzi, ndipo nayenso amatsitsa pH. Ikapanda kuyang'aniridwa imatha kukankha chitsulo kupitirira -1.10 V, komwe haidrojeni imayamba kuvutitsa misoko ndi mabawuti olimba. Ndipo tabaini ikazima magetsi kwa nthawi, chitetezo chimazima nayo.

Njira yachitatu inali yotembenuza maganizo onse a pulani yoyamba: kusiya kulimbana ndi nyanja, kuilola ilowe ndi kutuluka. Eni famu inawavuta kumeza, chifukwa anali atangolipira osambira kuti atseke. Wina anafunsa kuti kodi sitikuitanira okosijeni yomwe tinkaithawa. Tikuitanadi. Koma chitsulo cha m'madzi okhala ndi okosijeni timadziwa kuchiteteza. Takhala tikuchita zimenezo pa mapulatifomu a mafuta ndi gasi a North Sea kuyambira m'ma 1960 ndi 1970. Chomwe sitidziwa kuchilamulira ndi madzi otsekeka mwatheka, omwe lero ndi otsekeka, mawa adontha, ndipo nsanamira iliyonse ili ndi khalidwe lake. Tinasankha yachitatu, n'kusunga aluminiyamu.

Kuboola mabowo atsopano pakhoma la monopile tinakupewa. Bowo lililonse ndi malo atsopano ounjikira kupinda, ndipo tinabwera kudzachepetsa kutopa kwa chitsulo, osati kukuwonjezera. Okonza mapulani anavomera kuti tigwiritse ntchito khomo la kebulo lomwe linalipo kale, pochotsa labala ndi kuika chotetezera kebulo kuti isakhuzike.

Apa panali phunziro lina lomwe sindinaliwerengepo m'buku lililonse nthawi imeneyo. Titatsegula, pH ya madzi apafupi ndi khomo inakwera msanga, koma pansi pake inakhalabe yotsika. Madzi olowa ndi nyanja ikamadzadza ndi omwewo amayamba kutuluka ikamaphwa. Apansi, olemera ndi chiphalaphala chija, ankangokhala. Munthu woyeza pH pamalo amodzi, pafupi ndi pamwamba, akanalemba kuti vuto latha. Tinaika paipi yochokera pakhomo kutsikira pafupi ndi matope, yokhala ndi mavavu olola madzi mbali imodzi, kuti olowa alowere malo ena ndipo otuluka achokere pansi. Kusiyana kwa kudzadza ndi kuphwa m'derali ndi kwa mamita angapo, ndiye nyanja yokha imapopa kawiri pa tsiku, popanda injini. M'nyanja ya Baltic, komwe kusiyanako n'kochepa kwambiri, njira imeneyi singagwire chimodzimodzi.

Zomwe zinatsatira

M'miyezi yotsatira pH inabwerera pafupi ndi ya nyanja pa msinkhu uliwonse. Nkhanambo inamera, mphamvu yotuluka m'maanodi inatsika, ndipo chitsulo chinakhazikika mopitirira -0.80 V kuchokera pamwamba mpaka pansi. Pamatope, nsanamira zingapo zinalephera kufika -0.90 V, ndipo tinawonjezera maanodi kumunsi kwa zingwe. Maanodi a m'nsanamira zomwe zinachita asidi tinawayeza kulemera, ndipo omwe anadyeka kwambiri tinawasintha. Mapaipi otulutsa mpweya anakhala achikhalire pafamu yonse, chifukwa ngakhale madzi ali bwino chitetezo cha kathodi chimapangabe haidrojeni pang'ono. Lamulo loyeza mpweya musanamasule chivundikiro linalowa m'buku la ntchito. Atabwereza masamu a kutopa pa mzere wa chitsulo chotetezedwa, n'kuwerengera zaka zomwe chinakhala chikudyeka momasuka ngati ngongole yodyedwa kale, misoko ya pansi pa madzi inakwanira.

Kwa amene mukukonzekera ntchito yotere, ndingakakamire pa zoyezera. Pa nsanamira zoyesera tinaika maselo achikhalire pa misinkhu ingapo, choyezera mphamvu pa chingwe chilichonse, ndi tizidutswa tachitsulo tokoka n'kuyeza kulemera. Choyezera pH ndi cha haidrojeni sizinali pa mndandanda woyamba, popeza malamulo a nthawiyo sankazitchula. Tsopano sindivomereza pulani ya m'kati mwa monopile yopanda ziwirizi. Malamulo anasintha pambuyo pake. DNV inatulutsa RP-0416 mu 2016, yonena za dzimbiri pa matabaini amphepo, ndipo ISO 24656 ya 2022 ikukamba za chitetezo cha kathodi pa nsanamira zotere, m'kati momwe. Koma mafamu omangidwa kale akadali ambiri, ndipo aliyense wowakonza amakumana ndi magulu atatu aja. Yezani mmene madzi akusinthira m'nsanamira iliyonse payokha musanawerenge kilogalamu ndi imodzi yomwe ya anodi. Nambala ya famu yonse siithandiza.

Chomwe sichinathe ndi lamba wa pakati pa kudzadza ndi kuphwa. Potsegula nsanamira tinamukulitsa, chifukwa tsopano madzi a m'kati amakwera ndi kutsika mokwanira. Maanodi amateteza chitsulo chikakhala m'madzi basi. Madzi akatsika, khoma lonyowa limatsala ndi mpweya. Pamenepo tikudalira kukhuthala kotsala, ndipo misoko yomwe ili m'lambamo ikuwerengedwabe pa mzere wa chitsulo chodyeka momasuka. Misoko ya pa tizitsulo tonyamula TP tinaipala n'kuipenta ndi manja, amisiri atalendewera pa zingwe nyanja itaphwa, ndipo imayezedwa ming'alu pa ulendo uliwonse woyendera. Eni famu akukambirana zowonjezera moyo wa matabainiwo kupitirira zaka za pa pulani, ndipo lamba ameneyu ndiye adzagamule ngati zingatheke.